Achipatala akalakwitsa, nanga pepala lija tinasainira?

Makalata a ulendo uno onse achokera m'boma la Zomba, ndipo akuzungulira nkhani imodzi: munthu wapita kuchipatala kukafuna moyo, koma wabwerako ndi chilema kapena maliro. Oyankha ndi maloya komanso ogwira ntchito zachipatala amene amathandiza tsamba lino. Mayina a olemba ndi a zipatala tawachotsa.

Funso: Amuna anga akuyenera kuchitidwa opaleshoni ya pamimba pachipatala china cholipira. Pa fomu imene atipatsa pali ndime yonena kuti pakabuka dandaulo lililonse sitidzapita kukhoti koma ku arbitration. Akuti tisaine tisanapereke dipoziti. Kodi zimenezi n'chiyani, ndipo tisaine? Mayi wa ku Chinamwali.

Yankho: Mwachita bwino mayi kufunsa cholembera chisanagunde papepala. Arbitration ndi njira yothetsera mlandu kunja kwa khoti. Mbali ziwiri zimapangana kuti mkangano wawo ukagamulidwe ndi munthu wapadera, kawirikawiri loya wakalekale pantchito kapena jaji wopuma, ndipo chimene iye wagamula chimamanga onse. Musaisokoneze ndi kukambirana pamaso pa mkhalapakati. Mkhalapakati amangokuthandizani kuti mumvane, ndipo mukapanda kumvana mumadzuka n'kupitiriza mlandu. Woweruza wa arbitration amagamula, ndipo khoti likavomereza chigamulo chakecho chimagwira ntchito ngati cha jaji.

Kuno kwathu lamulo loyendetsa zimenezi ndi Arbitration Act la 1967, ndipo limafuna kuti panganolo likhale lolembedwa. Mukasaina, kenako zinthu n'kulakwika, inu n'kukasuma ku High Court, chipatala chingapemphe jaji kuti aimitse mlanduwo ndi kukutumizani kumene munalonjeza kupita. Pempho limeneli liyenera kubwera koyambirira. Chipatala chikayamba kale kudziteteza m'khotimo, mwayi umenewo chautaya.

Njirayi inakonzedwera amalonda, monga kampani yomanga msewu ndi mwini ntchito, anthu amene aliyense ali ndi loya wake ndipo akusainirana masana dzuwa likuswa mtengo. Kumene inalowa kwambiri m'zipatala ndi ku United States, komwe lamulo la Federal Arbitration Act la 1925 limalimbitsa mapangano otere. Komabe ngakhale kumeneko anaona kuti wodwala si wamalonda. Ku California lamulo limalamula kuti chenjezo loti mukutaya ufulu wopita kukhoti lilembedwe ndi zilembo zofiira zoonekera bwino pamwamba penipeni pa malo osainira, ndipo wodwala ali ndi masiku 30 oti akhoza kulemba kalata yothetsa panganolo. Fomu yanuyo ili ndi mpata wotere? Kayang'aneni.

Zimene mumataya mukasaina n'zazikulu. Jaji wa High Court simumulipira, koma woweruza wa arbitration amalipidwa ndi eni mlandu, pa ola kapena pa tsiku, kuwonjezapo chipinda chokumaniramo ndi olemba. Banja limene latha kale ndalama ndi matenda limagonja lisanalankhule n'komwe. Chachiwiri ndi apilo. Jaji akalakwitsa mumapita ku Supreme Court of Appeal, pamene chigamulo cha arbitration khoti limachikhudza pa zifukwa zochepa, monga woweruzayo atakondera kapena atakana kumva mbali imodzi. Kungoti ndalama zachepa si chifukwa chokwanira. Chachitatu, zonse zimachitika m'chipinda chotseka, choncho wodwala wina wobwera mawa sadzadziwa kuti pamalopo panachitikapo zotani. Ndipo funsani kuti woweruzayo adzamusankhe ndani. Ngati fomu ikupatsa mphamvu imeneyi chipatala chokha, ndiye kuti mbuzi ikukaweruzidwa ndi fisi.

Sitikunena kuti arbitration n'njoipa paliponse. Imatha kuthamanga kuposa khoti, ndipo nkhani za m'thupi mwa munthu sizimveka pagulu. Ku South Africa, odwala matenda amisala 144 atamwalira chifukwa chosamutsidwa mosasamala kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni, mabanja ndi boma anagwirizana kuti nkhaniyo aweruze Dikgang Moseneke, wachiwiri kwa jaji wamkulu wopuma. Mu March 2018 iye analamula kuti banja lililonse lodandaula lipatsidwe marandi 1.2 miliyoni. Koma taonani kusiyana kwake: mabanja aja anasankha njirayo tsoka litagwa kale, ali ndi maloya awo, akudziwa kukula kwa bala lawo, ndipo umboni unamveka poyera. Inu akukuuzani kuti mutseke khomo la khoti musanadziwe n'komwe ngati mudzalifune.

Ndiye chitani izi. Pemphani kope la fomuyo mupite nalo kunyumba, popeza opaleshoni yokonzeratu si yadzidzidzi. Uzani a ofesi kuti mukuvomera chithandizo ndi malipiro koma ndime imeneyo ayi. Ilembeni mzere pakati, inu musaine m'mbali mwake, woimira chipatala asainenso, ndipo mutenge kope lokhala ndi chidindo. Akakana, pemphani kuti alembemo zinthu zinayi: woweruza adzasankhidwa ndi mbali zonse ziwiri, chipatala ndicho chidzamulipire, mlandu udzamvedwera ku Zomba konkuno osati kutali kokuthetsani ndalama zoyendera, ndipo palibe malire oikidwiratu a chipukuta misozi. Akakananso zimenezi, ganizirani chipatala china.

Chinanso: wosaina ndi mwini thupi. Amuna anu ali ndi nzeru zawo zonse, choncho siginecha ya gadiyani siingawalande ufulu wawo pokhapokha atamutuma. Ndipo amene anasainitsidwa ali m'ululu woopsa, ali pamatenda a uchembere, kapena anangodinditsidwa chala pafomu ya Chingerezi popanda womuwerengera, asataye mtima. Loya angatsutse pangano lotere, ndipo gawo 41 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa aliyense ufulu wofika kukhoti. Pangano la arbitration silitsekanso pakamwa panu ku Medical Council, bungwe loyang'anira ntchito ya madokotala, kapena kupolisi.

Funso: Mkazi wanga anabereka kudzera m'opaleshoni pachipatala cha boma. Patatha masiku asanu anayamba kutentha thupi, mimba kutupa, bala kutuluka mafinya onunkha. Atamutsegulanso anachotsa chiberekero, ndipo wina anatinong'oneza kuti anapezamo kansalu. Titadandaula anati, "Munasaina nokha." Ndiye kuti nkhani yatha? Bambo wa ku Jali.

Yankho: Pepani bambo, ndipo mutipepesere kwa mayi. Nkhani siinathe. Pepala losainira musanalowe m'thiyeta limanena kuti mwalola opaleshoni ndipo akufotokozerani zoopsa zimene zingachitike ngakhale aliyense atagwira ntchito yake bwino, monga kutaya magazi kapena bala kuchedwa kupola. Palibe amene amasainira kuti amusamale mwachisawawa.

Komabe tisakunamizeni kuti chotsatira choipa chilichonse ndi mlandu. Kuti khoti likupatseni chipukuta misozi muyenera kuonetsa kuti chipatala chinali ndi udindo wosamala mayiwo, kuti chisamalirocho chinaperewera pa muyezo woyenera, ndi kuti kuperewerako ndiko kunabweretsa vutolo. Choyambacho sichivuta. Chachiwiri makhoti athu amachiyeza ndi mfundo yochokera ku mlandu wa ku England wa Bolam wa 1957: wachipatala sanalakwe ngati anachita zimene gulu la anzake odziwa ntchitoyo ndi osamala likanachita. N'chifukwa chake milandu imeneyi imafuna katswiri, dokotala wina woti awerenge fayilo ndi kulemba lipoti loonetsa pamene panakhota. Kupeza dokotala wovomera kuchitira mnzake umboni m'dziko la madokotala ochepa odziwana okhaokha n'kovuta, ndipo milandu yambiri imafera pamenepa.

Nkhani ya kansalu ndi yosiyana. M'thiyeta nsalu zopukutira magazi, singano ndi zitsulo zimawerengedwa opaleshoni isanayambe, zimawerengedwanso asanatseke mimba, ndiponso posoka khungu. Owerenga amakhala awiri, mokweza, ndipo nambala imalembedwa. Mndandanda wa chitetezo cha opaleshoni wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, umene unatuluka mu 2008, umafunsa ndendende ngati kuwerengako kwakwana wodwala asanatuluke. Nambala ikapanda kukwana saloledwa kutseka kufikira chosowacho chitapezeka. Choncho kansalu kotsala m'mimba kamadzichitira umboni kokha, ndipo zikatero mtolo umagwera chipatala kuti chifotokoze mmene zinachitikira popanda kusasamala.

Vuto lanu n'lakuti kunong'ona si umboni. Zoona zake zili m'zolemba za opaleshoni yachiwiri, m'kaundula wa m'thiyeta, ndi m'zolemba za anamwino za masiku asanu aja: anamuyeza kutentha thupi kangati, anaona bala liti, mankhwala opha tizilombo anayamba tsiku liti. Ngakhale kansalu kakanapanda kukhalapo, kuchedwa kuzindikira kuti bala lalowa matenda kungakhale mlandu pakokha. Vuto la amayi kutaya chiberekero chotere si lanu nokha. Mu 2019 ofesi ya Ombudsman, yofufuza madandaulo a anthu pa ntchito za boma, Martha Chizuma ali pampando, inatulutsa lipoti la kafukufuku pa nkhani yomweyi m'zipatala za boma.

Sabata ino lembani kalata kwa mkulu wa chipatalacho yopempha kope la fayilo yonse ya mayi, yosainidwa ndi mayiwo, yokhala ndi dzina lawo lonse, tsiku logonekedwa ndi wodi. Pitani ndi makope awiri kuti limodzi adindepo tsiku lolandirira mubwerere nalo. Lamulo la Access to Information la 2017, lopatsa anthu ufulu wopempha zikalata zotere, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, lili kumbali yanu, ndipo mlandu ukalowa m'khoti mbali iliyonse imakakamizidwa kutulutsa zikalata zake. Kabuku ka kuchipatala ka mayi kajambuleni tsamba lililonse, ndipo musakasiye m'manja mwa wina aliyense. Khalani pansi ndi gadiyani amene anagona m'wodimo, mulembe tsiku ndi tsiku zimene zinachitika ndi zimene ananena, mitu ikadali yokumbukira. Malisiti onse sungani, ngakhale a minibasi ndi a mankhwala ogula kufamase. Kenako onanani ndi loya. Ngati m'thumba mulibe, Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza osowa ndalama zolipira loya, ili ndi ofesi mu mzinda wa Zomba, ndipo High Court ili ndi nthambi yake momwemo.

Funso: Mwana wanga wa zaka 7 anagwa mu mtengo wa mango n'kuthyoka mkono. Anamuika chikhakha, tinabwerera kunyumba. Usiku wonse analira, zala zinatupa n'kuda. Mawa lake tinabwerera, anatipatsa panado n'kutiuza kuti tidikire tsiku limene analemba. Lero dzanja linapindika, sagwira cholembera. Mayi wa ku Thondwe.

Yankho: Zimene mukufotokozazi achipatala amazidziwa bwino ndipo amaphunzitsidwa kuziopa. Fupa likathyoka, mnofu umapitiriza kutupa kwa tsiku limodzi kapena awiri. Chikhakha chozungulira mkono wonse sichifutukuka, ndiye kutupako kumafinya mitsempha, magazi n'kulephera kufika. Mnofu wosowa magazi umayamba kufa pakatha maola pafupifupi 6, ndipo ukafa umauma n'kufupika, n'kukoka zala kuti zipindike. Pachifukwa chimenechi, pa fupa longothyoka kumene nthawi zambiri amaika chikhakha cha mbali imodzi, kapena chozungulira koma chong'ambidwa m'litali, ndipo kholo limauzidwa zizindikiro zobwerera nazo nthawi yomweyo: ululu wopitirira muyezo wosamva mankhwala, kulira kwambiri mukamuwongola zala, dzanzi, zala kuzizira kapena kusintha mtundu. Mwana akabwera ndi zizindikirozi chikhakha chimang'ambidwa chonse mpaka pakhungu, pamodzi ndi thonje la m'kati, ndipo ngati sizikusintha amapita naye kuthiyeta kukamasula mnofu. Panado si yankho.

Mlandu wanu wagona pa ulendo wachiwiri uja. Onani ngati m'kabuku ka mwana analembamo tsikulo ndi zimene anapeza. Ngati sanalembemo, dzina la mwana likhoza kupezeka m'kaundula wa odwala a tsikulo, ndipo amene anakuperekezani, ngakhale wakabaza, ndi mboni. Yembekezerani kuti chipatala chinganene kuti pomwe munkabwerera mnofu unali utafa kale, kapena kuti munachedwa nokha. Apa m'pamene maola amafunika kwambiri: chikhakha anachiika nthawi yanji, mwana anayamba kulira nthawi yanji, munafika nthawi yanji, ndipo pa ulendo woyamba anakuchenjezani chiyani.

Mwana sasuma yekha. Kholo kapena womulera ndiye amamuimira, ndipo mgwirizano uliwonse wa ndalama za mwana umayenera kuvomerezedwa ndi khoti. Lamulo limapatsa ana mpata wotalikirapo wosumira kuposa akulu, koma musatsamire pamenepo, chifukwa mafayilo amasowa ndipo ogwira ntchito amasamutsidwa. Ndipo mlandu usaimitse chithandizo. Pemphani kuti mwanayo amuone katswiri wa mafupa komanso a mafizo, popeza zina mwa ntchito za dzanja zimatha kubwererako, ndiponso lipoti lawo ndilo lidzasonyeze khoti kukula kwa chilema.

Funso: Ine ndalama sindikuzifuna. Ndikungofuna kuti namwino amene anatukwana ndi kusiya mlongo wanga akubereka yekha pansi asadzachitirenso wina. Ndipite kuti? Mnyamata wa ku Songani.

Yankho: Yambani ndi Hospital Ombudsman, ofesi yolandira madandaulo imene inayamba kukhazikitsidwa m'zipatala mu 2018. Koma kulanga namwino kapena mzamba pa ntchito yake, mpaka kumuimitsa kapena kumuchotsa m'kaundula, ndi mphamvu ya Nurses and Midwives Council of Malawi. Madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant amayang'aniridwa ndi Medical Council of Malawi. Lembani kalata yotchula tsiku, nthawi, wodi, zimene zinachitika ndi mboni, ndipo mlongo wanu asaine nawo popeza nkhani ndi yake. Dzina la namwinoyo ngati simukulidziwa, tsiku ndi nthawi n'zokwanira, chifukwa ndandanda ya ogwira ntchito imasonyeza amene anali pantchito usiku umenewo. Chipatala cha boma chikangokhala chete osayankha, kadandauleni ku ofesi ya Ombudsman ya dziko. Makhonsolo awiriwa ntchito yawo ndi mwambo, osati kupereka chipukuta misozi, ndipo kudandaula kumeneko sikuimitsa nthawi yosumira kukhoti ngati mlongo wanu atadzasintha maganizo.

Funso: Achimwene anga anamwalira pachipatala cha boma atadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo osaonedwa. Papita zaka 2 ndi miyezi 7. Anasiya mkazi ndi ana atatu. Abale akuti tidekhe, mlandu suwola. Bambo wa ku Mayaka.

Yankho: Pabwalo la amfumu mlandu suwoladi, koma kukhoti umawola. Mlandu wa kuvulala kapena imfa yobwera chifukwa cha kusasamala uyenera kulowa m'khoti zisanathe zaka 3. Kuwonjezera apo, wosumira boma amayenera kuyamba wapereka chidziwitso cholembedwa kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, n'kudikira miyezi 3 asanatule samani. Tiwerengere limodzi: mwatsala ndi miyezi 5, itatu ipita ndi chidziwitsocho, yotsala ndi iwiri. Musadikire kukolola. Pitani kwa loya sabata ino, mutanyamula chikalata cha imfa, kabuku ka malemu, umboni wa ukwati, zikalata za kubadwa kwa ana ndi chilichonse chosonyeza ndalama zimene ankapeza. Loya adzaonanso za chikalata chopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, ndi amene ayenera kutchulidwa pa samani, popeza zipatala zina zili pansi pa unduna, zina pansi pa khonsolo, pomwe za mishoni za CHAM zili ndi eni ake.

Tikuuzeni chilungamo pa chovuta cha mlandu wanu. Kudikiritsa wodwala tsiku lonse osamuyeza n'kulakwa, koma khoti lidzafunsa kuti akanaonedwa msanga akanachira kodi? Pali mlandu wotchuka wa ku London, wa Barnett. Mlonda wina anamwa tiyi wothiridwa poizoni wa arsenic, anapita kuchipatala akusanza, dokotala anakana kumuona n'kumuuza kuti apite kwawo, ndipo anamwalira. Khoti linapeza kuti dokotala analakwa, komabe mkazi wamasiye sanapatsidwe kanthu chifukwa umboni unasonyeza kuti ngakhale akanagonekedwa, mankhwala sakanafika nthawi yabwino. Choncho chimene chinapha achimwene anu chiyenera kudziwika. Ngati anali malungo aakulu, kutaya magazi kapena matumbo otsekeka, zinthu zoti maola ochepa amapulumutsa moyo, mlandu uli ndi miyendo.

Kwa owerenga ena, apa m'pamene kupima mtembo kumathandiza. Tikudziwa kuti pamaliro mitima imakhala yosweka, ndipo mabanja ambiri a kuno, makamaka a Chisilamu, amaika maliro msanga. Komabe ngati mukukayikira imfa, nenani thupi lisanachoke ku mochale ndiponso asanalibaye mankhwala oumitsa, chifukwa mankhwalawo amasokoneza zoyeza zina. Kanenaninso kupolisi. Majisitireti ali ndi mphamvu yolamula kafukufuku wa imfa yokayikitsa.

Mukapambana, chipukuta misozi cha ana ndi mayi awo chimawerengedwa kuchokera pa ndalama zimene malemu ankapeza, kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu limene akanadya okha, n'kuchulukitsa ndi zaka zimene akanapitiriza kusamala banjalo. Ngati palibe umboni wa malipiro, monga zimakhalira ndi alimi ndi asodzi, makhoti amagwiritsa ntchito malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma. Pamakhalanso ndalama ya moyo umene wafupikitsidwa ndi zimene munawononga pamaliro.

Funso: Chipatala cholipira chinandipatsa mankhwala olakwika, ndinagonekedwa milungu iwiri. Tsopano eni ake akuti andibwezera ndalama zonse ndi kuwonjezapo pang'ono, bola ndisaine kuti nkhani yathera pompo. Mayi wa ku Sadzi.

Yankho: Kugwirizana si kulakwa, ndipo nthawi zambiri ndi nzeru. Ngakhale mutasuma, malamulo a High Court a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa kwa jaji wokhala ngati mkhalapakati, ndipo ikakanika m'pamene imapita kukazengedwa. Choopsa ndi kusaina msanga. Pepala lotere likasainidwa khomo latsekeka, ngakhale patapita miyezi 6 mutapezeka kuti impso kapena chiwindi zinawonongeka.

Musanasaine, kaonaneni ndi dokotala wa kwina amene sadya nawo pamalopo, akuyezeni magazi ndi kulemba ngati mwachira kwathunthu. Dziwani dzina la mankhwalawo, mlingo wake ndi masiku amene munamwa, ndipo paketi kapena botolo lake musataye. Kenako werengani zonse zimene khoti likanawerenga. Pali zotayika zokhala ndi malisiti, monga bilu, mayendedwe, chakudya cha gadiyani ndi masiku amene geni yanu inaima. Zimenezi khoti limafuna umboni wa tambala iliyonse. Palinso zopanda lisiti: ululu ndi kuzunzika, kulephera kuchita zimene munkachita kale, ndi chilema ngati chilipo. Izi amaziyeza poyerekeza ndi zigamulo za milandu yofanana, poganiziranso kugwa kwa mphamvu ya kwacha, ndipo loya wozolowera milandu ya kuvulala angakuuzeni msanga ngati "pang'ono" akunenayo ndi yoyenera.

M'pepalalo mulembedwe kuchuluka kwa ndalama, tsiku lolipira, ndi chimene chidzachitike akapanda kulipira. Ndalama ilowe kubanki kapena musainirane lisiti. Ngati muli ndime yokuletsani kukanena ku Medical Council kapena ku bungwe loona za mankhwala la PMRA, ikaneni. Kulakwitsa mankhwala kumachokera kawirikawiri ku mayina ofanana, kulemba kosawerengeka, kapena kusafunsa ngati wodwala amadana ndi mankhwala ena, ndipo mpata umenewo ukapanda kutsekedwa udzagwetsa wina. Pomwe mukukambirana, zaka 3 zija zikuwerengedwabe.

Funso: Ndine mzamba pachipatala chaching'ono chakumudzi. Usiku ndimakhala ndekha ndi amayi anayi kapena asanu. Zikalakwika, adzasumira ine? Mzamba wa ku Chingale.

Yankho: Amayi, ntchito mukugwirayo n'njolemera, ndipo funso lanu n'lomveka. Pa chipukuta misozi, wolemba ntchito ndiye amasenza zolakwa za wantchito wake zochitika ali pantchito, choncho odandaula amalunjika boma, khonsolo kapena eni chipatala. Zimenezi sizikuchotsani pamaso pa khonsolo yanu ya anamwino ndi azamba, imene imayang'ana zimene inuyo munachita ndi manja anu.

Chokutetezani ndi zolemba. Pa partograph, pepala lolondolera mmene matenda a uchembere akuyendera, lembani kugunda kwa mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse ndi kutseguka kwa njira maola 4 aliwonse, pa nthawi yomwe mwayezayo, osati kudzaza zonse m'mawa. Mayi akataya magazi ofika 500 ml atabereka, lembani nthawi, mankhwala amene mwapereka ndi mlingo wake. Mukaganiza zotumiza mayi kuchipatala chachikulu, lembani ola limene mwaganiza, ola limene mwaimba foni, amene anayankha, ndi ola limene ambulansi yafika. Ngati oxytocin (mankhwala oletsa kutaya magazi pobereka), magolovesi kapena mafuta a galimoto palibe, dziwitsani akuluakulu anu mwa kalata kapena uthenga wa pafoni, n'kusunga kope. Khoti ndi khonsolo zimasiyanitsa mzamba amene ananyalanyaza ndi mzamba amene anachita zonse zotheka pamalo osowa zipangizo, koma zimasiyanitsa poona pepala.

Zinthu zikalakwika musafufute kapena kulembanso tsamba. Mukakumbukira china pambuyo pake, chilembeni pansi ndi tsiku ndi nthawi imene mukulembayo, n'kusaina. Polakwika dulani mzere umodzi woti mawu akale azionekabe. Achibale afotokozereni zimene zachitika tsiku lomwelo, pamalo oduka mphepo, pali mnzanu wa ntchito, ndipo m'fayilo mulembe kuti mwalankhula ndi ndani komanso mwawauza chiyani.